Matenda oumitsa khosi a crypto: kodi diripi imodzi ndiyokwaniradi?

Wa_ku_Chiputula

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumagwira ntchito m'mawodi ndi kumakiliniki a ma ARV kuno ku Mzuzu. M'magulu othandizana a anthu amene ali ndi HIV mwafala nkhani yoti matenda oumitsa khosi aja amati crypto masiku ano amachizika ndi diripi imodzi yokha, basi munthu n'kumapita kwawo. Ena akuti ayi, ndi masabata awiri. Enanso akudabwa kuti munthu amene chitetezo chatheratu amauzidwiranji kuti adikire kaye ma ARV, chonsecho masiku onse timaphunzitsa kuti ukapezeka ndi kachilombo uyambe msanga. Tiuzeni ndondomeko yonse, mayina a mankhwala, mlingo wake, ndi pamene zinthu zimakonda kusokonekera, kuti tikamacheza ndi magadiyani tizinena zoona.

Kiliniko_Katoto

Achemwali, mwachita bwino kufunsa, chifukwa nkhani ya diripi imodziyi munthu akaimva theka akhoza kutaya moyo. Diripiyo ndi imodzidi, koma ndi poyambira chabe. Chithandizo chonse chimatenga chaka kapena kupitirira.

Matendawa amayamba ndi fangasi wotchedwa Cryptococcus neoformans, amene amapezeka m'dothi, m'mitengo yowola ndi m'zitosi za mbalame monga nkhunda. Ambirife tinamupuma kale ndi fumbi, thupi n'kumugonjetsa mwakachetechete. CD4, nambala yoonetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi, ikatsika kwambiri, makamaka kufika pansi pa 100, amadzuka, kulowa m'magazi, n'kukakhazikika m'madzi ozungulira ubongo. Sapatsirana munthu ndi munthu, ndiye gadiyani asaope kugona pafupi ndi wodwala. Popeza ndi fangasi, LA kapena jakisoni wa ceftriaxone sizimukhudza n'komwe. Dzina loti oumitsa khosi limasocheretsanso, chifukwa odwala ambiri khosi siliuma. Chimene chimakhalapo ndi mutu wa sabata imodzi kapena ziwiri wosamva panado, kusanza, kudana ndi kuwala, kuona zinthu ziwiriziwiri, kenako kubalalika. Munthu wa HIV wa mutu wotere ayezedwe CrAg, kuyeza kofufuza zizindikiro za fangasiyu m'magazi. Kachipangizo kake n'konga koyezera malungo, zotsatira zimatuluka m'mphindi 10, ndipo timatsimikiza poyeza madzi a pamsana.

Malangizo a 2022 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amagawa chithandizo patatu. Gawo loyamba ndi masiku 14, la mankhwala atatu pamodzi. Tsiku loyamba wodwala amalandira liposomal amphotericin B mudiripi, 10 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kamodzi kokha. Tsiku lomwelo amayamba kumwa flucytosine, 100 mg pa kilogalamu patsiku, yogawidwa kanayi, ndi fluconazole 1200 mg patsiku. Awiri akumwawa amapitirira masiku onse 14. Gawo lachiwiri ndi fluconazole 800 mg patsiku kwa masabata 8. Lachitatu ndi fluconazole 200 mg patsiku, mpaka munthu atakhala pa ma ARV chaka chathunthu, vayilo lodi (kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi) itatsika mosaoneka ndipo CD4 itafika 100 kapena kupitirira. Kumene kulibe vayilo lodi, CD4 ifike 200. Milingo imeneyi ndi ya akuluakulu, ana ali ndi yawo.

Njira imeneyi inachokera ku kafukufuku wa AMBITION, amene anachitika ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, kuno kwathu ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Pofika masabata 10, amene anamwalira anali 24.8 peresenti mwa olandira diripi imodzi, ndi 28.7 peresenti mwa olandira amphotericin wakale kwa masiku 7. Mavuto a impso ndi kuchepa kwa magazi analinso ochepa pa diripi imodzi. Onani nambalazo bwino. Ngakhale m'kafukufuku, momwe wodwala amayang'aniridwa ngati dzira, mmodzi mwa anayi alionse anapita. Awa si matenda oti munthu azengereze nawo kunyumba kuti mawa aona.

Liposomal akasowa, pali amphotericin B deoxycholate, wakale uja, 1 mg pa kilogalamu tsiku lililonse kwa masiku 7 pamodzi ndi flucytosine, kenako fluconazole 1200 mg masiku ena 7. Amphotericin wamtundu uliwonse akasowa, timaphatikiza fluconazole 1200 mg ndi flucytosine masiku 14. Njira ziwirizi zinayesedwa m'kafukufuku wa ACTA wa 2018, momwenso munali dziko la Malawi. Fluconazole payekha ndi wofooka kwambiri poyambira, amangochepetsa fangasi pang'onopang'ono pamene ubongo ukuwonongeka. Flucytosine payekha asaperekedwe n'komwe, fangasi amamuzolowera msanga.

Wa_ku_Famase

Ndiwonjezere za kasungunulidwe ndi kawerengedwe, chifukwa zolakwika zoopsa zimachitikira pamenepa.

Choyamba ndi sikelo. Mankhwala awiri mwa atatuwa amadalira kulemera kwa munthu, ndipo wodwala wotere amakhala atawonda kwambiri kusiyana ndi zimene zinalembedwa m'buku lake miyezi yapitayo. Ayezedwe tsiku lomwelo. Ngati sangathe kuimirira, womunyamula akwere naye pasikelo, kenako akwere yekha, muchotsere.

Chachiwiri, werengani dzina pabotolo kawiri, ndipo mnzanu awerengenso. Liposomal ndi deoxycholate onse amabwera m'timabotolo ta 50 mg, onse ndi ufa wachikasu, onse alembedwa amphotericin B. Koma mlingo wa woyambayo ndi 10 mg pa kilogalamu, wa winayo ndi 1 mg. Mukapereka deoxycholate pa mlingo wa liposomal, ndiye kuti mwapereka kakhumi, mtima ukhoza kuima pomwepo. Chokuthandizani kuzindikira n'chakuti deoxycholate amasungidwa mufiriji, ndipo munthu wamkulu safuna oposa kabotolo kamodzi kapena tiwiri patsiku. Liposomal amakhala pamalo osapitirira madigiri 25, ndipo munthu wa makilogalamu 60 amafuna 600 mg, kutanthauza timabotolo 12. Wa makilogalamu 45 amafuna 9.

M'kabotolo kalikonse ka liposomal thirani 12 ml ya madzi a jakisoni, osati saline. Khutchumulani mwamphamvu masekondi 30 mpaka ufa wonse utasungunuka, muone madzi achikasu opanda timibulu. Mililita iliyonse imakhala ndi 4 mg. Kokani ndi sirinji, ikani kasefa kamene kamabwera m'katoni momwemo, ndipo thirani kudzera m'kasefako kulowa m'thumba la dextrose 5%. Kabotolo kalikonse kasefa kake. Amphotericin akakumana ndi saline amaundana, ndiye ngati kanyula inadutsa saline, itsukeni ndi dextrose musanayambe komanso mukamaliza. Diripi iyende maola osachepera 2. Ya deoxycholate iyende maola 4, ndipo popeza amawotcha mitsempha, kanyula iziyang'anidwa tsiku ndi tsiku, ikafiira kapena kutupa isinthidwe.

Musanayambe zonsezi, impso zitetezedwe. Wodwala alandire lita imodzi ya normal saline yothiramo 20 mmol ya potassium chloride kwa maola 2, ndipo amwe mapiritsi a potassium ndi magnesium tsiku la diripi ndi masiku awiri otsatira. Amphotericin amachititsa impso kutaya mchere umenewu mumkodzo, ndipo potassium akatsika munthu amafooka miyendo, mtima n'kumagunda mosalongosoka. Magnesium akakhala wochepa, potassium sakwera ngakhale mumuthire chotani. Koma ngati zotsatira za kulabu zikuonetsa kuti potassium ndi wokwera kale kapena impso zafooka, musawonjezere. Yezani creatinine (amene amaonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) ndi potassium tsiku loyamba ndi lachitatu, kuchuluka kwa magazi tsiku loyamba, la 7 ndi la 14. Masiku amenewa pewani diclofenac, brufen ndi gentamicin, zonsezi zimalemetsa impso. Wodwala akayamba kunjenjemera ndi kutentha thupi diripi ili mkati, n'zodziwika ndi mankhwalawa, panado amathandiza, ndipo diripi ichepetsedwe liwiro.

Tsopano mapiritsi, amene magadiyani ayenera kuwamvetsa bwino. Flucytosine ndi wa 500 mg. Munthu wa makilogalamu 60 amamwa 3 maola 6 alionse, 12 patsiku. Wa makilogalamu 50 amafuna 10 patsiku, ndiye timagawa 3, 2, 3, 2. Fluconazole wa 200 mg amamwa 6 patsiku m'gawo loyamba, 4 m'gawo lachiwiri, mmodzi m'gawo lachitatu. Munthu amene akusanza, mutu ukung'amba, kumupatsa mapiritsi 18 patsiku si nkhani yaing'ono. Apatsidwe mankhwala oletsa kusanza, amwe mmodzimmodzi ndi phala, ndipo amene wakomoka alandire kudzera m'chubu cha m'mphuno. Nthawi imene imaphonyedwa kwambiri ndi ya pakati pa usiku. Gadiyani atchere alamu pafoni, 6 koloko m'mawa, 12 masana, 6 madzulo ndi 12 usiku.

Flucytosine amatuluka kudzera mu impso. Impso zikafooka amaunjikana m'thupi n'kuwononga mafuta a m'mafupa momwe mumapangidwa magazi, ndiye creatinine akakwera, adokotala amatalikitsa nthawi, kuchoka pa maola 6 kupita pa 12 kapena 24.

Nesi_wa_Usiku

Akuluakulu afotokoza bwino za mankhwala, koma sindingakhale chete pa nkhani ya madzi a pamsana, chifukwa m'masiku oyamba chimene chimapha anthu ambiri ndi kuchuluka kwa madzi m'mutu, ngakhale mankhwala onse atatu alipo.

Thupi limapanga madzi ozungulira ubongo pafupifupi theka la lita patsiku, ndipo akale amatuluka kudzera m'timabowo tating'ono kubwerera m'magazi. Fangasi uyu ali ndi chikuto chonanda ngati therere, chimene chimatseka timabowo timeneti. Madzi akupangidwabe, potulukira palibe, chigaza sichitanuka. Mapeto ake mitsempha ya maso ndi makutu imapanikizika, munthu n'kuchita khungu kapena kugontha, nthawi zina mpaka kalekale, kapena kungotsirizika. Mankhwala amapha fangasi, koma satsegula timabowo tija msanga. Njira yodziwika ndi imodzi, kutulutsa madziwo ndi singano pamsana.

Wodwala agone chammbali, apinde mawondo, singano ilowe m'munsi mwa msana, pansi pa pamene mtsempha waukulu wa msana umathera. Ikalowa, awongole miyendo pang'ono ndipo apume bwinobwino, kenako muyeze mphamvu ya madziwo ndi kachubu koyezera kotchedwa manometer. Ikasowa, chubu chatsopano cha diripi choimika chilili ndi tepi yoyezera zimathandiza. Madzi akakwera kupitirira masentimita 20 ndiye kuti achuluka. Tulutsani mpaka atsike pansi pa 20, kapena afike theka la pamene anayambira ngati anali okwera zedi, nthawi zambiri 20 mpaka 30 ml. Madziwo amaoneka oyera mbee ngati a pampopi, ndipo zimenezi zisakunamizeni kuti mulibe matenda. Kwa ena satuluka modontha, amachita kuthamanga, ndipo singano isanachotsedwe wodwala amatsegula maso n'kunena kuti mutu wapepuka.

Kamodzi sikokwanira. WHO imalangiza kubwereza pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ngakhale wodwala akuoneka bwino, ndipo amene mutu, kusanza kapena kusinza zikubwerera atulutsidwe madzi tsiku ndi tsiku mpaka zitasiya. Mankhwala ochepetsa madzi m'mutu monga mannitol ndi acetazolamide sathandiza pa matendawa. Dexamethasone, amene amathandiza pa TB ya muubongo, apa amawononga. Kafukufuku wa 2016, amene anachitikanso kuno ku Malawi, anaimitsidwa panjira ataona kuti olandira dexamethasone akulumala kwambiri ndipo fangasi akuchedwa kutha.

Apa mpamene inu a Wa_ku_Chiputula ndi anzanu mungatithandize koposa. Mawu oti akakuboola msana sudzuka ali paliponse, ndipo gadiyani amakana, kapena amati tidikire amalume afike kuchokera ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay adzagamule. Mantha amenewa tisawanyoze. Anthu anaonadi abale awo akumwalira atatengedwa madzi, koma n'chifukwa choti ankafika matenda atakula kale, singano n'kukhala chinthu chomaliza chimene achibale anachiona. Afotokozereni kuti madzi amene tatulutsa thupi limawabwezeretsa m'maola ochepa, kuti singano sifika pa mtsempha woyendetsa miyendo, ndipo kuti sizichotsa mphamvu ya abambo kapena kubereka kwa amayi. Muwauziretu tsiku loyamba kuti zichitika kangapo, kuti ulendo wachiwiri asaganize kuti woyamba unalakwika. Amene ayenera kugamula m'banjamo aimbiridwe foni pomwepo, osadikira minibasi ya mawa.

Wa_ku_Chiputula

Yewo chomene nonse, za madzi a pamsana zamveka ndithu. Koma la ma ARV lija silinayankhidwe. Komanso nanga amene akumwa kale mankhwala a TB, kapena mayi woyembekezera? Palinso ena amene amauzidwa kuti CrAg yawapeza m'magazi koma mutu suwawa. Amenewa ndi odwala kapena ayi?

Kiliniko_Katoto

Pa ma ARV, lamulo loti yambani msanga ndi loona pafupifupi kwa aliyense, koma matenda a muubongo ndi amene amapatulidwa. Pa crypto timadikira masabata 4 mpaka 6 kuchokera tsiku loyamba mankhwala a fangasi. Chifukwa chake n'chakuti ma ARV akayamba kugwira ntchito, chitetezo chimadzuka, n'kupeza fangasi ali mbwee muubongo, wamoyo ndi wakufa yemwe. Nkhondo imene imabuka pamenepo imatupitsa ubongo, ndipo m'chigaza mulibe malo otupira. Izi ndi zimene timati IRIS. Kafukufuku wa COAT wa ku Uganda ndi South Africa, wotuluka mu 2014, anapeza kuti pofika masabata 26, mwa oyamba ma ARV pa sabata imodzi kapena ziwiri anamwalira 45 peresenti, pamene mwa odikira masabata 5 anamwalira 30 peresenti. Koma kudikirako kuli ndi malire. Munthu akadutsa masabata 6 osayamba, matenda ena amamupeza. Tsiku loyambira ma ARV lilembedwe m'buku la kuchipatala asanatuluke m'wodi, ndipo gadiyani alidziwe. Bactrim yekha sadikira, amayamba pompo pokhapokha adokotala ataona chifukwa choimitsira.

Masiku ano odwala ambiri si atsopano. Ndi anthu amene anayamba ma ARV kale n'kusiya, mwina atapita ku Joni kapena kunyanja kukagwira ntchito, kapena amene akumwa mwa apo ndi apo. Kwa amenewanso, kuyambiranso kapena kusintha mtundu wa ma ARV kumadikira masabata omwewo. Chofunika n'chakuti anene zoona za mmene amamwera, ndipo ife tifunse mosakalipa. Munthu woopa kukalipiridwa amati ndimamwa tsiku lililonse, ife n'kugamula molakwika.

TB ndi crypto zimapezeka pamodzi kawirikawiri, n'chifukwa chake wa CD4 yotsika amayezedwanso mkodzo ndi makhololo. Mankhwala a TB sasiyidwa. Vuto n'lakuti mmodzi mwa mankhwalawo, rifampicin, amafulumizitsa chiwindi kuchotsa fluconazole m'magazi, ndiye mlingo umene ukanakwanira umaperewera. Wolemba mankhwala adziwe kuti wodwala ali pa mankhwala a TB kuti aone ngati fluconazole akufunika kukwezedwa, ndipo maso akachita chikasu abwere msanga, popeza onsewa amadutsa m'chiwindi.

Mayi aliyense wa msinkhu wobereka ayezedwe mimba asanayambe. Fluconazole wa mlingo waukulu ndi flucytosine akhoza kuwononga mwana, makamaka miyezi itatu yoyamba. Amene amadaliridwa pamenepo ndi amphotericin, ndipo mayi wotere athandizidwe pachipatala chachikulu monga Mzuzu Central. Amene ali pa fluconazole wa miyezi yambiri akambirane za kulera.

Amene CrAg yapezeka m'magazi koma alibe zizindikiro, fangasi wayamba kale kuyenda m'thupi, ndipo akasiyidwa ambiri amadzadwala m'masabata kapena miyezi yochepa. Amenewa ndi amene tingawapulumutse mosavuta. Afunsidwe bwinobwino za mutu, ndipo ngati n'kotheka atengedwe madzi a pamsana, chifukwa ena amakhala nawo kale muubongo mwakachetechete. Madziwo akakhala opanda fangasi, amamwa fluconazole yekha, 800 mpaka 1200 mg patsiku kwa masabata awiri malinga ndi buku la malangizo limene chipatalacho chikutsatira, kenako n'kumatsika, ndipo ma ARV sadikira nthawi yaitali ngati ya amene matenda afika kuubongo. Madzi akapezeka ndi fangasi, ndiye ndi chithandizo chonse chija, diripi ndi zonse.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu: CrAg imapitiriza kuonetsa kuti alipo kwa miyezi kapena zaka munthu atachira. Siigwiritsidwa ntchito poona ngati mankhwala agwira. Mutu ukabwerera, choyamba ndi kuyeza mphamvu ya madzi a pamsana, kufunsa ngati fluconazole akumwedwa, kuona ngati ma ARV angoyambidwa kumene, ndipo kumene labu ingathe, kudzala madziwo kuti tione ngati fangasi wamoyo akumera.

Wa_ku_Famase

Pa za kubwerera kwa matendazi, malo amene anthu amagwera kwambiri ndi pakati pa wodi ndi kiliniki ya kwawo. Wodwala watuluka akumva bwino, wapita ku Chitipa, ku Karonga kapena ku Mzimba, m'buku mwangolembedwa kuti apitirize fluconazole. Kumeneko wopereka mankhwala amaona ngati ndi 200 mg wa masiku onse, chonsecho munthuyo amayenera kukhala pa 800 mg kwa masabata 8. Kapena zimatembenuka, amakhalabe pa 800 mg miyezi isanu chifukwa palibe amene analemba tsiku lotsitsira.

M'buku mulembedwe madeti enieni anayi: tsiku la diripi, tsiku lomaliza flucytosine, tsiku lotsika kuchoka pa mapiritsi 4 kupita pa mmodzi, ndi tsiku loyamba ma ARV. Amene watulutsidwa masiku 14 asanakwane apatsidwe flucytosine yense wotsala m'manja, wowerengedwa bwino, chifukwa mankhwala amenewa sapezeka pachipatala chaching'ono chilichonse kapena m'mafamase a m'tauni, ndipo auzidwe tsiku lobwera kudzayezetsa magazi. Gawo la masabata 8 limadya mapiritsi 224 a 200 mg, ndiye wotumiza wodwala aimbire foni kumene akupitako kufunsa ngati ali nawo okwanira. Onaninso mphamvu yolembedwa papaketi, chifukwa fluconazole amabweranso wa 50 mg, 100 mg ndi 150 mg, ndipo munthu amene anauzidwa kuti azimwa anayi amangomwa anayi osayang'ana nambala.

Inu a m'magulu, mukamayendera munthu wotere kunyumba, m'pempheni akuonetseni paketi, muwerenge otsala, muyerekeze ndi deti la m'buku. Mukamupeza mutu wayambiranso, akusanza, akuona ziwiriziwiri kapena akuyankhula zosagwirizana, musadikire tsiku limene anapatsidwa. Apite tsiku lomwelo ndi buku lake ndi mapaketi onse, ndipo pofika anene kuti anadwalapo crypto.